Khadi la mayi Luiza a ku Itepela

Zaka zija matelefoni a khadi la memoriya atangofika kuno ku Mandimba, ine ndinali ndi baraka yokonzera matelefoni pafupi ndi poima mashapa, maminibasi athu aja, ndipo inu amene mwadzaza khonde lino ndi zipangizo zanu munali musanamere mano. Ntchito tinkaiphunzira ndi maso basi, koma tinkayenda ngati madotolo.

Chandikumbutsa ndi mwana wanga Amina, uja adaphunzira za makomputadori. Iyeyu amalemba keneli, pulogalamu ya pakati penipeni imene imagawira mapulogalamu ena malo mu memoriya. Atabwera kudzationa adati, "Bambo, malo amene keneli imagawa sakhala atsopano, ndi osiyidwa ndi pulogalamu ina. Tikapanda kuyamba talembamo maziro, wolowayo amawerenga zonse za wotulukayo. Ndidaiwala kamalo kamodzi, anzanga adachita kundigwira dzanja zisanapite kwa anthu."

Iye ankaseka, koma ine ndidakumbuka khadi lina lake.

Mvetserani, ana inu. Tsiku lina padafika mayi Luiza a ku Itepela, diso lili lotupa, mwana kumsana. Adathawa mwamuna wawo, mlimi wa fodya, ndipo ankabisala kwa mchemwali wawo ku Cuamba. Adabwera kudzagulitsa telefoni kuti bamboyo asawapezenso.

"Bambo, mufufute zonse, chonde. Zonse."

"Mayi, kodi mukuphunzitsa fisi kutafuna fupa? Pitani ndi mtendere."

Kufufuta kunali pawiri, ndipo ndinkakudziwa konse. Kwina n'kolemba maziro khadi lonse, koma kunkachedwa, magetsi nawo ongothimathima. Kwina n'kwachangu: kumangochotsa mayina a zinthu, makina n'kunena kuti mulibe kanthu, pamene zonse zili chigonere m'katimo. Tonse a m'mabaraka tinkachita kwachanguko, ndipo inenso ndidatero, poti anthu anali pamzere.

Khadi la m'telefoni yawoyo adaligula kwa ine mkulu wina wogula fodya m'midzi ya Ngauma, dera lakwawo kwa mayi Luiza. Chakudza sichiimba ng'oma. Zithunzi zake zitasowa, adapita nalo kwa katswiri wobweza zotayika, ndipo pamodzi ndi zake padatulukanso za mayi Luiza: iwo ali pakhomo pa mchemwali wawo, dzina la sitolo yoyandikana likuwerengeka bwinobwino. Mkuluyo adakaonetsa mwamuna uja ngati nkhani yoseketsa pa sikelo ya fodya.

Mwamunayo adakawatenga ku Cuamba. Zimene zidachitika m'nyumba imeneyo sindinena pamaso pa ana.

Patapita zaka ndidakumana nawo pa msika, dzanja lamanja litapindika, losagwiranso khasu. Adandigwadira, ine! Adati, "Bambo, inu nokha ndinu mudandithandiza nthawi ija. Mpaka lero sindidziwa adandipeza bwanji." Ine ndidangofunsa za mwana. Madzi akatayika saoleka.

Lero muli ndi makina othamanga ndipo magetsi sakuvutani ngati ife, koma ndimakuonani, iwe Saide makamaka, kudina kwachangu komweko kasitomala akangoyang'ana kumbali. Sindikukalipirani, ana anga, ndilibe nkhope yokalipira munthu. Ndingopempha: khadi la munthu lisachoke m'manja mwanu musanalembemo maziro mpaka kumapeto. Wodikira pamzere adzang'ung'udza, adzakutukwanani mwina, koma mwini khadiyo adzafika kwawo ndi manja onse awiri.