Chithunzi cha Dzanja la Tiyanjane

Abale ndi alongo, ambiri mumandidziwa. Ena mwa inu muli ndi zipsera zanga kumsana. Ndinali folomani pa famu ya fodya kuno ku Mvurwi, ndipo chikoti changa chinkafika msanga kuposa mawu anga. Ndinkamenya wochedwa. Ndinkamenya wosakaniza masamba mu shedi yosankhira fodya. Ndikamwa kachasu ndinkamenyanso aNaphiri, akazi anga.

Sindinkadziona wolakwa. Ndinali ndi bokosi lachitsulo lodzaza mapepala: makalata ondiyamikira pantchito, makadi a kuchipatala, chitupa chimene bambo anga anabwera nacho kuchokera ku Dedza. Ife amene tinakula tikuuzidwa kuti kuno si kwathu, pepala ndiye mboni yathu. Ndinkati chinthu chopanda pepala ndi bodza.

Famu itagawidwa kwa alimi ang'onoang'ono ndinatsala wa maricho, ndiko kuti waganyu, kusankha fodya m'mapuloti a ena. Mkwiyo wanga unangokula.

Tiyanjane, mwana wathu womaliza, ankaphunzira za makompyuta ku yunivesite ku Harare. M'chaka chake chomaliza anafunika kupanga ntchito yaikulu n'kukaifotokoza pamaso pa aphunzitsi, apo ayi digiri palibe. Anasankha kulemba pulogalamu yoti foni iziona tsamba la fodya n'kutchula giredi yake. Anandiuza kuti pulogalamuyo imaphunzira poonetsedwa zithunzi zambirimbiri, chilichonse ndi giredi yake, ndipo ikalakwa imadzikonza mpaka iyambe kuzindikira tsamba limene sinalionepo. Ankafuna kuti alimi ang'onoang'ono asamapusitsidwe kumsika. Ine sindinkamvetsera.

Anabwera kwathu nyengo yosankha fodya kudzajambula masamba. Tsiku lina ndili mu shedi, mwini puloti anandiseka pamaso pa anthu, akunditchula Sekuru monga amatchulira madala kuno.

"Sekuru, mwana wanu akuphunzitsa foni ntchito yanu. Chaka chamawa tilemba foni. Iyo siimwa kachasu."

Shedi yonse inaseka. Ndinasiya masamba patebulo, ndinadzera kumowa, ndinafika kunyumba dzuwa lili paliwombo.

Ndinamupeza Tiyanjane pakhonde ndi laputopu pamiyendo. Ndinamulamula kuti andionetse mapepala a maphunziro ake. Anayankha mwaulemu kuti zonse zili m'makinamo. Ndinakalipa kuti zaka zonsezi alibe ngakhale kope limodzi, koma nzeru zochotsa bambo ake ntchito ali nazo.

Pakhomo panali mpini wa khasu. Ndinautola.

Nditamenya koyamba galasi la laputopu linasweka. Tiyanjane anaikumbatira laputopuyo. Ndinaona dzanja lake pamenepo, abale, ndinaliona bwinobwino, koma ndinamenyabe. Linalira ngati phesi louma. ANaphiri anandigwira mkono, ndinawakankhira pamtondo, anang'ambika pamphumi. Magazi awo anadontha pa masamba amene mwanayo anayala. Amene anandigwetsa ndi Che Amidu, Msilamu wa nyumba yoyandikana nafe, wogulitsa matemba. Anandikhalira pachifuwa mpaka ndinataya mpini, kenako anawatengera awiriwo kuchipatala pa galimoto yake.

Ndipo panali amuna, ena ovala mataye Lamlungu, amene anabwera kudzandiuza kuti ndachita bwino, mwana wamkazi akaphunzira amafuna kutsitsidwa. Mayina awo ndikuwadziwa. Mpaka lero zimandiwiritsa magazi kuti tsiku limenelo ndinawapatsa mipando.

ANaphiri atabwerera anaika envulopu yaikulu pamwamba pa bokosi langa.

"Inu mumasunga pepala lililonse, a Mbewe. Sunganinso ili."

Chinali chithunzi cha mafupa, chija amajambula kuchipatala. Ndinachikweza kudzuwa monga ndimakwezera tsamba. Maso awa saphonya kabowo pa fodya. Ndinaona timafupa ta dzanja lamanja la mwana wanga titasiyana, tina titakwerana.

Ndinatsegula bokosi, ndinakhuthula zonse pansi. Ndinkafuna pepala limodzi londiikira kumbuyo. Onse ankati ndine wakhama, wosachedwa, wodziwa fodya. Panalibe lonena za msana wa munthu kapena mphumi ya akazi anga. Ndinagwa pamapepalawo ndikubuula. Kupemphera sindinkadziwa. Ndinangoti Yesu, ndilibe mboni, ndine ndachita.

Yesu sanandikane. Mmawa wake ndinayenda ndekha kupita kupolisi. Khoti linandilamula kusesa pachipatala, ndipo ndinasesa, anthu amene ndinkawalamulira akundiona. Kachasu ndinasiya. Chikoti ndinadula n'kuponya m'ng'anjo ya barani youmitsira fodya.

Pulogalamu ija sinafe, pakuti mwanayo ankaisunganso m'makompyuta a kusukulu. Koma dzanja linali mu pulasitala, tsiku lokaonekera pamaso pa aphunzitsi linadutsa, anzake anavala magauni iye ali kwa azakhali ake ku Glendale. Chaka chathunthu sanandilankhule. Sindinamukakamize.

Fodya wa chaka chotsatira atauma anatumiza mawu kudzera kwa amayi ake. Zithunzi zinali zoperewera, ndipo dzanja lakelo silikanatha kuyala tsamba kwinaku atagwira foni. Ndinapita. Ine ndinkayala tsamba n'kutchula giredi, iye ankajambula ndi dzanja lamanzere n'kulemba. Mawu ake anali amodzi okha, akuti "lina". Dzuwa litapendeka ndinamva akuti:

"Atate, litembenuzeni."

Dzina limenelo ndinali nditaiwala kumveka kwake. Tsamba linagwa m'manja mwanga.

Anakaonekera pamaso pa aphunzitsi, anawasonyeza pamene pulogalamu imakhoza ndi pamene imalephera, makamaka pa fodya wojambulidwa mumdima, ndipo anapambana. Uthenga unafika pafoni ya aNaphiri. Pepala sindinalifunse. Ndinakhulupirira.

Koma zala zake ziwiri sizipindika mpaka lero. Mulungu anandikhululukira, zalazo sanaziwongole, ndipo ine ndimaziona nthawi iliyonse akamalandira mbale.

Atamandike Ambuye amene analandira munthu ngati ine wopanda chikalata chilichonse. Mpini uja ndabwera nawo, ndi uwu ndauika apa. Bambo iwe amene uli ndi wako kuseri kwa chitseko, usadikire kuti akazi ako akubweretsere envulopu. Nyamuka, bwera kuno kutsogolo, tigwade limodzi.