Nsanja Yopendekeka ndi Mayeso a Nunzia

Podikirira basi m'mbali mwa mtsinje wa Arno, kuno ku Pisa, mayi wina wochokera ku Sicily anayamba kucheza ndi mdala wachipewa amene anakhala naye pabenchi.

"Bambo, ndikhala kuno milungu itatu, ndikuphikira mwana wanga Nunzia mpaka alembe mayeso omaliza kuyunivesite. Ndikaone chiyani mumzinda muno?"

"Kayendeni pamwamba pa linga lakale, mayi. Tsiku lina kaoneni zithunzi zapakhoma kumanda a pafupi ndi tchalitchi chachikulu. Mukatopa nafe, kwerani sitima yapamtunda mukaone mzinda wa Lucca. Koma nsanja yopendekeka ija mukakwere nokha, mwanayo mumusiye."

"Nsanjayo tinathana nayo dzulo. Nunzia amakana, ndinachita kumukoka dzanja mpaka pamwamba."

"Mayo ine! Mwana wasukulu? Asanamalize?"

"Nanga chalakwika n'chiyani?"

"Kuno wophunzira akakwera nsanja ija asanalandire digiri, digiriyo sadzaiona. Ngakhale woyendetsa basi tikudikirayi akuuzani zomwezi."

"Kani n'chifukwa chake amalira njira yonse! Ine ndimayesa masitepe amutopetsa."

"Mwamulakwira, mayi. Onani ine. Ndinabwera kudzaphunzira zamalamulo ndevu zisanamere. Lero ndili ndi zidzukulu zinayi, koma phazi langali silinapondepo ngakhale sitepe imodzi ya nsanja ija. Kusamala kumeneko!"

"Aa, ndiye ndakhala ndi loya pabenchi pano osadziwa?"

"Musafulumire, mayi. Ndatsala ndi mayeso awiri okha."