Foni Yomwe Ndinakwirira mu Ufa

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndine Mayi Nachisale a ku Sadzi, ndimagulitsa zipatso pamsewu wokwera kuphiri. Ndikufuna kuchitira umboni, koma mundipirire, mtima udakali kuwawa.

Bambo akunyumba amalondera nkhalango kuphiriko. Tsiku lina ndinaona alonda anzawo akulanda mtolo wa nkhuni kwa mayi wobereka mwana kumbuyo, lole yodzaza matabwa ikutsika osaimitsidwa. Pakamwa panga mukupadziwa. Ndinajambula mawu pafoni n'kuponya pagulupu ya amayi a mpingo uno, ija timauziranapo za maliro ndi mapemphero. Ndinati, "Phirili lili ndi eni ake, osaukafe ndife ndani?"

Sipanathe masiku atatu, bambo anaitanidwa kuofesi. Kumeneko anawayatsira mawu anga aja kuti amve, abale! Mawu angaanga, ndi kutsokomola kwanga komwe! Anawauza kuti akakhale kaye kunyumba. Atafika anangoti, "Mkazi iwe, wandidulitsa ntchito." Sanandilankhulenso.

Aliyense amene ndinamufunsa ankandinong'oneza kuti, "Simudziwa? Aboma amamvetsera mafoni. Simu ija munalembetsa ndi chiphaso, akukudziwani mpaka pomwe mumagona." Ine mantha! Ndinakulunga foni m'nsalu, n'kuikwirira mu ndowa ya ufa, ati angamve. Musaseke amayi, ndinachitadi. Milungu isanu ndikunong'ona m'nyumba yangayanga. Galimoto ikaima pamsika, ndinkayesa andidzera. Ndinaonda, enanu munandiona.

Ndiye m'mawa wina kunabwera mayi kudzagula mapichesi. Nditangotchula mtengo anati, "Mawuwa ndikuwadziwa. Si inu munalankhula za malole?" Anali akazi a bwana wa bambo. Ndinati, "Ndi boma linakupatsani?" Anaseka mpaka kugwira thebulo. "Boma liti, mayi? Anatitumizira ndi mnzanu wa kutchalitchi kwanu. Akufunira mchimwene wake malo a amuna anu." Anandionetsa foni yawo. Dzina ndinaliwerenga ndi maso angawa, ndi chithunzi chomwe, atavala yunifolomu ngati yangayi.

Abusa, kaya boma limamvetsera mafoni kaya ayi, ine sindikudziwa, ndinalekera sitandade sikisi. Koma amene ankandimvetsera ine si waboma. Ndi munthu amene ankabwera kwathu milungu yonseyo kudzandipempherera, kundigwira mutu, n'kumati, "Samalani achemwali, dziko laipa." Tiyi wanga ankamwa. Mbatata yanga ankadya.

Mulungu si munthu. Akazi a bwana aja anakalankhula ndi amuna awo, Lolemba lapitali bambo abwerera kuntchito. Dzulo andiitana ndi dzina langa, koyamba chiyambire nkhaniyi.

Kukhululuka, abusa, sindinafikepo. Ndisaname pamaso pa Mulungu. Mundipempherere, chifukwa ndikamuona mnzangayo mtima umalumpha.

Koma ndikuthokoza Yehova wondichotsa mantha, wobwezera bambo pantchito. Dzina sinditchula, mwiniwake akudzimva pomwe wakhalapo. Tsono imirirani nonse musangalale nane. Amayi, kanthungululu! Nonse ndithu, nanunso achemwali, lulutani tikumveni. Aleluya!