Kazitape wa M'chifuwa mwa a Sizasi

A Sizasi, wometa tsitsi amene lezala lake linadutsa pamitu ya amuna onse a mumsewu wawo, analowa m'chipinda choyezera mtima atanyamula kabokosi koyera kokulunga m'thaulo, nkhope ili gwaa. Miyezi ingapo m'mbuyomo madokotala anawaika kachipangizo pansi pa khungu la pachifuwa kuti kaziwongolera kugunda kwa mtima, n'kuwapatsa kabokosiko kuti kazikhala pambali pa bedi, kazitumiza uthenga kuchipatala. Tsono kabokosi kanangoti zii sabata yathunthu, ndipo anesi oyang'anira makinawo, mayi wa magalasi amene palibe anawaonapo mano chiyambire ntchito, anawaitanitsa. Mwana wawo wamkazi, amene anawaperekeza, anatsala pabenchi panja.

"Nayu mnzanu," anatero a Sizasi, akukhazika mtolowo patebulo. "Ndabweza."

Anesi anavundukula thaulo, n'kutembenuza kabokosiko uku ndi uku. "Kawonongeka?"

"Kali bwinobwino. Ndinakazula ndekha. Vuto lake ndi pakamwa."

"Kalibe pakamwa, bambo. Kali ndi tinyale tiwiri ndi chingwe."

"Nanga zija munandiimbira pafoni zija munazimva kwa ndani? Mwana wanga ali pompo, akundisitira malaya, inu n'kumakuwa kuti, 'Bambo, dzulo madzulo mtima wanu unali kuti?'"

"Sindinafunse za kumene kunali mtima. Mtima unali m'chifuwa. Ndinafunsa kumene munali inuyo."

"Ndi zomwezo!"

"Si zomwezo. Vulani malaya."

A Sizasi anamasula mabatani mochedwa dala, kuti anesi adziwe kuti akuvula mwa kufuna kwawo. Anesi anawasanjika kanthu kozungulira pachifuwa, ndipo pakompyuta panayamba kuyenda mizere yobiriwira.

"Muzimitse zonse," anatero a Sizasi, maso ali kudenga. "Kabokosika, ndi kazitape mnzake ali mkatimuyu."

"Tikazimitsa ka mkatiko mugwa."

"Ndigwa ndi ulemu wanga."

"Ambiri amagwa chafufumimba."

A Sizasi anasuzumira kuchitseko, n'kutsitsa mawu. "Kodi kanthu kameneka kamakuuzani zochuluka bwanji?"

"Za mtima wanu? Zonse."

"Zonse zonse?"

"Usana ndi usiku. Sikaiwala."

"Ndiye kuti mukudziwa."

"Tikudziwa. Lachiwiri ndi Lachisanu, chakumadzulo."

Mayo ine, anatero a Sizasi chamumtima. Masiku ake anali omwewo ndithu.

"Mukudziwa inu nokha?"

"Ndi adokotala. Tinakambirana pamsonkhano wa m'mawa."

"Pamsonkhano!"

"Ophunzira analiponso. Anachita nazo chidwi kwambiri. Pa msinkhu wanu sizichitikachitika."

"Msinkhu wanga watani? Ine ndimaimirira tsiku lonse ndi lezala m'manja, sindinatemepo khutu la munthu!"

"Makutu ndi chipinda chachiwiri kumanzere. Kuno ndi mtima. Zinayamba liti?"

"Simwati mukudziwa zonse?"

"Makina akuti mwezi wathawu. Koma ndikufuna ndimve kwa mwiniwake."

A Sizasi anaona kuti kubisa kwatha. Anawongola msana monga amachitira akamauza kasitomala kuti dazi silichiritsika.

"Anesi, ine mkazi wanga anamwalira kalekale. Ndinalira, anthu anaona. Ndalera mwana ndekha mpaka wakwatiwa. Ndalakwira ndani?"

"Pepani. Anamwalira ndi mtima?"

"Ndi shuga."

"Ndiye sizikukhudzana."

"Zikukhudzana! Mtimawu sindinautume ine. Unangopita wokha."

"Sunapite. Ndikuuona apa."

"Ndikuti unagwa!"

"Ukanagwa tikanauona pachithunzi cha m'chifuwa. Uli pamalo pake."

"Aaa, inu mayi inu!" A Sizasi anamenya bondo. "Chabwino, mverani, musamachite kumva kwa makina. Anabwera kushopu kwanga ndi sizasi yawo yodulira nsalu za makatani, akuti ndiwanolere. Mayi wamasiye, waulemu wake, wosayankhula zambiri. Ndinanola. Ndinati musavutike kubweranso, ndikubweretserani. Amakhala m'nyumba yosanja ija kuseri kwa msika, chipinda chapamwamba penipeni. Chikepe chilimo, koma mumadzaza anthu ondidziwa, theka la amuna a m'nyumbamo ndimawameta ine. Ndiye ndimazemba, n'kudzera kumasitepe a kumbuyo, mothamanga, kuti asandione munthu. Ndikafika timamwa tiyi, basi. Sizasiyo ndainola mpaka yatsala ngati singano, koma mayiwo sadandaula. Lachisanu akuti yabunthanso."

Anesi anali akulemba. Analemba mzere pansi pa liwu limodzi, n'kuika cholembera pansi.

"Ndiye vuto ndi amenewo. Muwasiye."

"Ndiwasiye?"

"Lero lomwe."

"Simunawaone n'komwe!"

"Sindikufunika kuwaona. Onse ndi chimodzimodzi. Amaliza anthu ambiri a msinkhu wanu. Ndi aatali?"

A Sizasi anakanda chibwano. Funsolo silinawasangalatse, koma yankho lake linawakomera. "Aatali ndithu. Oumbika bwino."

"Ndinadziwa. Ndi akale?"

"Akale bwanji? Ine ndimawaposa."

"Akale amakhala ong'aluka m'mbali. Ena amaterera."

"Anesi, mukuyankhula za ndani choncho?"

"Ali ndi pogwira?"

"Ha!"

"Pogwira, bambo. Ena amakhala napo mbali imodzi, ena mbali zonse ziwiri."

"Ine sindinagwirepo paliponse! Ndine munthu wopemphera ine!"

"Kulakwa kwanu n'kumeneko. Muzigwira. Ngati n'kotheka ndi manja awiri."

A Sizasi anayang'ana nkhope ya anesi kufunafuna pamene pabisala nthabwala. Panalibe. Mayiyo anali atatenganso cholembera.

"Amadutsapo anthu ambiri?"

"Samalani pakamwa panu, mayi!"

"Ndikufunsa chifukwa akakhala odutsapo anthu ambiri, tsiku lomwe mudzakomoke wina adzakutolani msanga."

"Palibe amadutsapo! Ndine ndekha!"

"Ndiye n'zoopsa kwambiri. Ngati simungathe kuwasiyiratu, muzipumira pakati. Kapena mupeze ena aafupi."

"Aafupi ndiwatani ine?"

"Aafupi satopetsa. Kuno kuchipatala tili nawo aafupi kuchipinda cholimbitsira thupi. Mukhoza kumabwera m'mawa kudzayeserera, pali munthu wokuyang'anirani."

"Ambuye, ndichitireni chifundo," anatero a Sizasi, atagwira mutu. "Chipatala chino chinafika pamenepa?"

"Tinalandira chaka chatha. Odwala amawakonda." Anesi anakankha mpando. "Ndikuona kuti simukundimvetsa. Ndiitane mwana wanu ndimufotokozere, azikuletsani ndi iyeyo."

A Sizasi anadzambatuka, kanthu kozungulira kaja n'kugwera pamiyendo. Mwana wawoyo anali atakonza kale chipinda kunyumba kwake, bedi ndi makatani omwe, ndipo ankangodikira dokotala mmodzi anene kuti bambo sangakhalenso okha. Shopu ikanatsekedwa, mpando wometera ukanagulitsidwa, iwo n'kumakhala pakhonde kuyang'ana mpongozi akutsuka galimoto.

"Musayerekeze! Mwana ameneyo akamva, mawa lomwe andinyamula ngati katundu."

"Ndiye lonjezani kuti muwasiya."

"Sindiwasiya!"

"Adzakuphani."

"Andiphe! Kufera pamenepo kuli bwino kusiyana ndi kufera pakhonde la mpongozi!"

"Pamenepo ndi povuta kunyamulapo munthu. Machira sakhota bwino."

"Mverani, anesi, ndipo mukawauze adokotala anuwo ndi ophunzira awo omwe." A Sizasi anaimirira, mimba ili pamtunda, chala chili m'mwamba. "Sindiwasiya, sindipumira pakati, sindifuna aafupi. Ndiwakwatira!"

Anesi anatsitsa magalasi mpaka pansonga ya mphuno, n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Masitepe?"

Panja wina anadutsa akukankha kangolo ka mankhwala, gudumu limodzi likulira. A Sizasi anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Nthawi yonseyi mumanena masitepe?"

"Nanga n'chiyani china chimakhala ndi pogwira?"

"Ndiye za mayiwo, kazitapeyu sanakuuzeni?"

"Kalibe makutu, kalibe maso. Kamawerenga kugunda basi. Za mayiwo mwandiuza ndinu, sindinakufunseni."

"Pamsonkhano paja sanatchulidwe?"

"Tinkaganiza kuti mwayamba kuthamanga mpikisano."

A Sizasi anapumira m'mwamba. Mtima unakhala m'malo. Anayamba kumanga mabatani, kenaka anaima. Popeza chinsinsi chinali chitatuluka kale, anaona kuti si bwino chipite chabe.

"Tandionetsani, anesi. Ndione mmene umachitira ndikakhala kumeneko."

Anesi anatembenuza kompyuta, n'kuloza ndi cholembera. "Ili ndi Lachisanu lapitali. Apa mwayamba kukwera. Mukuona phirili? Apa mwafika pamwamba."

"Eya! Apo ndiye amatsegula chitseko, atavala diresi la maluwa. Umadumpha ngati ufuna kutulukira kukamwa."

"Ayi. Apa ukutsika."

"Ukutsika?"

"Kuyambira apa mpaka apa uli phee. Wodekha kuposa mukakhala m'tulo."

"Sizingatheke. Tsiku limenelo zala zathu zinakhudzana pondipatsa kapu. Ndinamva ngati ndagwira waya wa magetsi."

Anesi anayendetsa mzerewo kutsogolo, n'kuubwezanso. "Palibe."

"Yang'anani bwino. Pukutani magalasiwo."

Anesi anavula magalasi, anapukuta ndi ngodya ya yunifolomu, anavalanso. "Palibe. Dikirani. Pali kaphiri kena apa."

"Ndi pamenepo! Ndimanena ine!"

"Apa ndi Lachinayi m'mawa."

A Sizasi anakhwinyata nkhope, kukumbukira. "Lachinayi m'mawa ndinkathamangitsa khoswe m'shopu."

"Ndiye khoswenso muzimusiya."

"Mukufuna kundiuza kuti khoswe waugwedeza mtima wanga, koma mayi aja ayi?"

"Sindikufuna. Ndi mmene zalembedwera. Adokotala asangalala kwambiri, tinkaopa kuti mwina mtima wayamba kuthamanga wokha popanda chifukwa. Mayi amenewo muzipitako ndithu, pachikepe. Alibe vuto. Sakuuchititsa chilichonse mtima wanu."

"Chilichonse?"

"Olo pang'ono."

A Sizasi anamva ngati awameta mpala pagulu. Mwezi wathunthu akusita malaya, akudzola mafuta onunkhira a makasitomala, akulephera kudya Lachiwiri masana, ndiye kanthu kosaposa chivindikiro cha botolo kaziti palibe chikuchitika?

"Makina anuwa ndi abodza."

"Anayezedwa mwezi uno."

"Amene anayezayo sanakondepo munthu."

"Sindikudziwa za kunyumba kwake." Anesi anakulunga chingwe cha kabokosi kuzungulira dzanja. "Tsono za kabokosika, thupi ndi lanu. Ka mkatiko sitizimitsa, koma aka ngati mwakakana sitikakamiza. Ndikasunga m'kabati, tidzapatsa wina. Kungoti chikadzachitika china usiku, ife kuno sitidzadziwa."

Anatsegula kabati. A Sizasi anadumpha ngati mnyamata, n'kukatsomphola kabokosiko m'manja mwawo.

"Bweretsani kuno! Mupatse wina ndani? Kanandinamizira, kayenera kukonza kokha bodza lake. Lachisanu lino ndikwera chikepe, aone amene aone. Masitepe sindiwakhudza, kuti pasakhale chonamizira. Ndikafika ndikawafunsira ukwati mayi aja, ndipo inu mukhale pakompyutapo maso ali tong'o. Muona phiri limene simunalionepo chiyambire ntchito."

"Sindingaone nthawi yomweyo. Kamatumiza usiku, munthu akagona."

"Ndiye muone Loweruka m'mawa."

"Bola kakhale pambali pa bedi limene mwagonapo. Kakatalikira sikamva."

A Sizasi anali atafika kale pachitseko, kabokosi kali m'khwapa, mabatani atamangidwa mosemphana. Anaima, dzanja lili pachogwirira. Anabwerera m'mbuyo mapazi awiri, anasuzumira kumene kunali benchi, n'kunong'ona.

"Anesi, pulagi yakeyi imalowa pakhoma la nyumba iliyonse?"