Maliro Analipo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Mundikhululukire kuti ndalimba mtima kulemba. Sukulu yanga ndi ya kumudzi kwathu ku Ngauma, ndipo kulankhula pagulu sindinazolowere. Abusa ndiwo anati, "Esitere, lemba, tidzakuwerengera." Pamene ndaphonya mukonze.

Tinabadwa awiri, achimwene anga a Tomasi ndi ine. Bambo anatisiya tili ana. Achimwene ankanyamula anthu pa mota, njinga yamoto ija, ku Cuamba, koma mtima wawo unali pa gitala. Tinali ndi kagulu koimba: iwo, a Saide a ng'oma, ndi ine. Tinalibe bwana. Nyimbo tinkajambulira m'kachipinda kuseri kwa msika, matiresi atatsamira kukhoma, ndipo sitima ikamadutsa tinkasiya n'kuyambiranso.

Tsiku lina kunabwera mkulu wina wa ku Nampula. Ankajambula filime ya anthu amene anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo anati timukonzere chimbale chonse cha nyimbo za m'filimemo. Achimwene ndiwo ankakhala naye pokonza nkhaniyo. Ine zithunzi sindinazione. Ankangondiuza kuti apa anthu akuyenda, apa kukugwa mvula, apa pakufunika nyimbo ya maliro.

Nyimbo ya maliro ndinali nayo. Ndinaitola kwa amayi powamvera m'masiwa. Titapita kumudzi n'kuwauza, anasiya kusankha nyemba.

"Wamwalira ndani?"

"Palibe, amayi. Ndi ya filime."

"Imeneyo saimba popanda mtembo. Imakafuna wake."

Achimwene anaseka. "Musadandaule, amayi. Maliro ake alipo."

"Tseka pakamwapo," anatero amayi.

Ndinaimba, abale anga. Ndinaimba chifukwa sindinkadziwa kuwakana achimwene. Ndinaimba mpaka a Saide anapukuta m'maso, amvekere ndi fumbi la m'matiresi.

Mwezi sunathe. Lole inagunda mota ya achimwene pa msewu wa ku Mandimba. Anafera pomwepo.

M'siwa amayi anayambitsa nyimbo yomwe ija. Nditati ndiyankhe, anatembenuka n'kunena chapansipansi, "Iwe unaimba kale."

Sanandimenye. Sanandithamangitse. Koma ndikaphika, sankadya. Ndikawapatsa madzi, ankakathira pa nthochi. Dzina langa linatha pakhomo, ndinasanduka "uyo". Ine ndemwe ndinayamba kukhulupirira kuti m'kamwa mwanga muli imfa. Ndinachoka m'kwaya. Mwana wa m'mudzi akadwala ndinkabisala. Ngakhale kupemphera ndinkapemphera chamumtima, kuopa kuti mawu akatuluka akafuna wina. Achimwene ndinawataya, amayi ndinawataya, chikhalirecho tikugona nyumba imodzi.

Chaka chinadutsa chotero. Kenako a Saide anatulukira pa njinga.

"Chemwali, chimbale chatuluka. Filime akudzaonetsa kusukulu kuno."

"Sindikufuna kuchimva."

"Sindinadzere inu, ndadzera amayi." Anakagwada pakhonde. "Amayi, gitala wa mwana wanu akulira m'menemo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ng'oma zanga mukhoza kuzitsekera makutu, ngakhale Tomasi ankati ndimasokosa."

Tsikulo litafika amayi anavala chitenje chawo chabwino. Ine ndinawatsatira patali.

Unali masana. Mazenera a kalasi anawatchinga ndi zitenje. Ndinakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, kuti nthawi ikafika ndithawe. Gitala atayamba, ndinaona mapewa a amayi akugwedezeka.

Ndiye panafika paja. Anthu akuthawa m'tchire, mayi wina wokalamba wafera m'njira. Akukumba ndi zikwanje ndi manja. Mtsikana akuti alire, bambo wina akumutseka pakamwa, chifukwa asilikali ali pafupi. Akukwirira ali duu. Pamwamba pa zimenezo m'pamene panamveka mawu anga.

Amayi anaimirira. Ndinati basi, akutuluka. Koma anaima pakati pomwepo, mutu wawo utatchinga chithunzi, anthu akuti khalani pansi amayi. Sanakhale. Nyimbo itafika pamene ena amayankha, anayankha. Anayankha mpaka inatha.

Panja anandipeza pansi pa mtengo wa mango.

"Esitere."

Abale anga, ndinacheuka kumbuyo, kuyesa akuitana wina.

"Wawa, amayi."

"Amayi anga tinawaika choncho, kufupi ndi malire. Amene ananditseka pakamwa ndi amalume ako. Nkhaniyi ndinamuuzapo Tomasi yekha." Anakhala pansi, anawongola miyendo. "Anati maliro ake alipo. Analipodi, mwana wanga. Anangochedwa kuimbiridwa."

Tinalira. Tinalirira achimwene, tinalirira agogo amene sindinawaone. Kenako amayi anati, "Kummero kwauma. Kanditungire madzi." Ndinathamangira ku mjigo wa pasukulu, ndinabwereka chikho. Ndinawapatsa nditagwada, ena akutayikira m'chitenje. Anamwa onse.

Ndikuthokoza Mulungu, abale ndi alongo. Sindikunena kuti chisoni chatha. Achimwene sanabwerere, kagulu kathu kanatha, ndipo gitala ali pa msomali, chingwe chimodzi chitaduka. Mota ikadutsa mumsewu amayi amadzutsabe mutu. Koma ndimaphika, amadya. Ndabwerera m'kwaya, ndimaima mzere wakumbuyo. A Saide akadutsa amatiikira chimbale chija pa foni, ndipo amayi amati, "Ng'omazo zachuluka," koma salola kuti azimitse.

Ngati pali wina pano amene akuopa mawu ake omwe, Mulungu amene anandibwezera dzina akumudziwa. Ine anandibwezera pa 25 Juni chaka chatha, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, pamene amayi anamwa madzi a m'manja mwanga.