Ndiwo Zopanda Mchere

Kale, pulazi ino isanagawidwe, utsi wa mabani a fodya ukuonekera kumsewu wa ku Banket, m'komboni muno munalibe mwana wosowa azakhali. Makolo athu anabwera wapansi kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, abale awo enieni anawasiya komweko, koma akafika kuno ankapangana ubale: uyu ndi wakwathu, ndiye akhale mlongo wanga, ana anga azimutcha tete monga amanenera anzathu Achishona. Mtsikana akatha msinkhu sankauza mayi ake, ayi, ankathamangira kwa azakhali amenewo, ndipo iwo ankapita naye kwa anamkungwi. Ife abambo tinkamva pomalizira, n'kungoyang'ana pansi, chifukwa nkhani zimenezo sizinali za pakamwa pa mwamuna. Iwe wa chipewa chofiira, ika foniyo m'thumba, siithawa.

Namkungwi wamkulu wa komboni ino anali mkazi wanga, Nambewe, mayi wamfupi koma pakamwa pake ngakhale kapitawo ankapaopa. Ine ndinali wosonkhezera moto kumabani, ndipo ndikamabwerera kunyumba ndinkamva ng'oma za amayi kuseri kwa mitengo ya bulugamu, n'kulambalala mwaulemu. Masiku amenewo ndimawasowa, ana inu. Tinali osauka, inde, nsapato tinkavalira kutchalitchi kokha, koma mwana aliyense anali ndi khomo logogodapo.

Kenaka mapulazi anagawidwa, ndipo anthu anabalalika, ena ku Norton, ena kukakumba miyala ku Mutorashanga, ena kumanda. Otsalafe tinayamba maricho, maganyu a m'minda ya eni atsopano. Nthawi imeneyo ndi imene kunayamba kubwera galimoto yoyera ya bungwe lina, ndipo inkatsitsa mtsikana wa Chishona, dzina lake Rudo, kuti aziphunzitsa achinyamata za matupi awo, za mimba ndi matenda, m'shedi muno momwe mwakhalamu. Nambewe atamva anapsa mtima koopsa. Anati kamwana koti sikanaberekepo, kovala thalauzi, kangauze chiyani ana a eni, komanso zinthu zakuseri zinayamba liti kukambidwa masana, anyamata ali pomwepo. Anapita kushedi kukamubalalitsira msonkhano, koma Rudo anamupatsa mpando, n'kukhala pansi iye, n'kumupempha kuti ayambe ndiye kulankhula. Mkazi wanga anabwera kunyumba akung'ung'udza kuti kamwanako n'kopusa koma kali ndi mwambo. Sipanapite nthawi, awiriwo anakhala ngati mayi ndi mwana wake. Nambewe ankamuphunzitsa Chichewa ndi miyambo yathu, Rudo ankamufotokozera za kuchipatala, ndipo ankakangana mpaka dzuwa kupendeka, tiyi akumwera pamodzi.

Pakhomo pathu tinkalera mdzukulu, Tiyamike. Ameneyu anandilola kukamba nkhaniyi, masiku ano amaikamba yekha akuseka. Mayi ake, mwana wathu wamkazi, anamwalira pobereka mwana wachiwiri, anataya magazi ambiri galimoto isanapezeke, ndipo Tiyamike ali wamng'ono anaona amayi a m'komboni akuchapa nsalu zamagazizo. Kushedi sankaloledwa, ankati akadali mwana. Ndiye chaka china zinthu zinangogwa motsatizana. Nambewe anadwala n'kutisiya, ndipo mvula isanagwe galimoto yoyera ija inaleka kubwera. Tinangomva kuti anthu akunja amene ankathandiza bungwelo asintha maganizo. Tinatsala awiriwiri, nkhalamba ndi kamtsikana.

Tsiku lina masana Tiyamike anandiikira chakudya, ndipo nditalawa ndiwo ndinapeza kuti mulibe mchere. Mcherewo unali pambali, m'kachivindikiro. Inu a lero simungamve kanthu, mungangoti waiwala. Koma kwa ife Achewa, mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, akuti akathira mwamuna wa pakhomopo amadwala chifuwa cha mdulo. Kaya ndi zoona kaya ayi, musandifunse ine, koma ndinakhala ndi Nambewe moyo wanga wonse, kachivindikiro kameneko ndinkakadziwa. Ndinathira mchere ndekha, n'kudya.

Mwezi wotsatira zinachitikanso, ndipo mwana anayamba kusintha. Kusukulu ankapita mokakamizidwa, kuseka kunatha, ndipo juzi yake yabwino anapatsa mnzake. Ndinaonanso mnyamata wina wa makorokoza, aja okumba golide, akuyendayenda kumpopi ndi mafuta odzola onyengerera atsikana m'thumba, ndipo mtima wanga unagwa. Ndinayang'ana m'komboni monse mayi woti ndimutume kukalankhula ndi mwanayo. Azakhali ake anali ku Norton, sindinkadziwa n'komwe nyumba yawo, ndipo amayi oyandikana nafe anali achilendo, nkhani ikanagona pampopi. Ine ndiye ndinkakhoza kumuitana, iye n'kugwada, ine n'kungomutuma madzi akumwa.

M'mawa wina ndinavala jekete la kutchalitchi n'kukwera kombi ya ku Banket. Ofesi ya bungwe ndinaipeza yotseka, pakhomo pamera udzu, koma mayi wina wogulitsa chimanga chootcha anandilozera kumsika. Rudo ndinamupeza atayala kaunjika pansi, akuitanira anthu madiresi. Atandiona anachita manyazi, koma anandipatsa moni m'Chichewa chosalala, n'kulira pang'ono atakumbukira Nambewe. Tinakamba za mvula, za mtengo wa feteleza, za mwendo wanga, ndipo dzuwa linkakwera ine ndikungozungulira. Pomaliza ndinayang'ana kumbali n'kunena kuti, “Mwana wanga, Tiyamike wayamba kundiikira mchere pambali.”

Rudo anafunsa kuti wamuuza ndani za mwambowo. Ndinati palibe, mwina ankangoonera agogo ake. Anafunsa ngati pali amene wakhala naye pansi, ndipo ndinapukusa mutu. Anandiuza poyera kuti ntchito inatha, galimoto inatengedwa, ndipo sakudziwa ngati bungwelo lidzadzukanso, koma polankhulapo n'kuti akupinda kale madiresi aja.

Anabwera Lamlungu titaweruka kutchalitchi, fumbi lili m'miyendo chifukwa kuchokera kumsewu anayenda wapansi. Anatengana ndi Tiyamike kupita kuseri kwa bulugamu kuja, ine ndinakhala pakhonde ngati ndikusoka thumba. Anachedwa ndithu. Pobwera mwana anadutsa n'kulowa m'nyumba maso ali ofiira, ndipo Rudo anakhala pansi pafupi nane.

Tsono inu mwasonkhana lero chifukwa mwamva kuti bungwe limene likukuphunzitsani panoli nalonso silikudziwa ngati lifika chaka chamawa, ndipo mukufunsana kuti kalabu yanu itha kapena ayi. Za ndalama za anthu akunja ine sindidziwa kanthu, zimabwera ndipo zimapita. Koma zimene mwaphunzira m'shedi muno palibe angakulandeni. Atsikana akuluakulu inu, yang'anani makomo amene mulibe mayi, mudzipereke kukhala azakhali, musadikire kuitanidwa, ndipo anyamata muchite chimodzimodzi ndi ang'ono anu. Mwana amene sakudziwa kanthu amadzipangira yekha yankho, ndipo ine ndinalimva tsiku limenelo pakhonde.

Rudo anandiuza kuti za mnyamata wa mafuta uja akambirana ndipo palibe chimene chinachitika, koma anati nkhani yaikulu sinali imeneyo. Tiyamike sankadziwa kuti watha msinkhu. Ataona magazi anakumbukira nsalu za mayi ake, n'kutsimikiza kuti nayenso akufa, ndiye chifukwa chake anayamba kugawa zovala. Ndinafunsa kuti nanga bwanji sananene, ngakhale kungolira kuti ndidziwe. Rudo anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kundiitana monga amaitanira agogo aamuna m'Chishona, n'kuti, “Sekuru, akuti munali mutangoika agogo ake aakazi, sanafune kukuonjezerani maliro ena msanga. Mchere ankauika pambali chifukwa anamvapo kuti wotuluka magazi akauthira amadwalitsa mwamuna, ankangosamala kuti pofa iyeyo asakutengeni inu.”