Wakumbuyo Ndiye Amaona Tchire

— Halo? Alamu Verna?

— Halo. Ndani? Mawu akudukaduka.

— Ndine Arlen. Taimani ndisunthe, netiweki ya kuno imakhala pafupi ndi bini ya zinyalala. Pano mukundimva?

— Tsopano ndiwe. Waswera bwanji, pulofesa?

— Ndaswera, kaya inu alamu?

— Ndaswera. Bondo ndi lomwe lija, likuti mawa kugwa chisanu.

— Bondo lanu silinanamepo. Mwana wanu Karin ndi ana ake ali bwanji?

— Chimfine basi. Nanga iwe chifuwa chija?

— Chikupita.

— Koma ukudya? Lamulungu kutchalitchi unkaoneka ngati mpini wa fosholo.

— Ndikudya. Mikate yambatata munandipatsa ija ndinamaliza tsiku lomwelo, ndili chiimire.

— Uli kuti? Ndikumva malole.

— Pomwetsera mafuta ku Sandvik. Kapena ndinene kuti pamene panali fakitale ya tchizi. Tsopano akugulitsa khofi wa mayina asanu ndi awiri, ndipo mtsikana wa pakauntala wandifunsa ngati ndine mlendo. Ine, amene agogo anga anakumba chitsime chomwe chili pansi pa simenti yawoyi.

— Zaka makumi atatu ndi zinayi uli ku Cairo, umafuna akuombere m'manja? Wayenda pa chiyani?

— Pa njinga yanu yamoto.

— Nthawi ino? Arlen, kwatsala mphindi makumi anayi kuti dzuwa lilowe. Ndi Novembala uno.

— N'chifukwa chake ndaimba. Pakati pa ine ndi khomo lanu pali mamailosi khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo ndikufuna kufika ndi miyendo yonse. Ndiuzeni njira yopanda mbawala.

— Njira yopanda mbawala ili ku Cairo.

— Alamu, batire langa lili pa khumi ndi ziwiri.

— Iwe umati udzere kuti?

— Kumtunda, pamsewu wa paphiri. N'kotalika koma kulibe mitengo. Bambo ankati madzulo usadzere kumtsinje.

— Bambo ako ankanena zoona m'nthawi yawo. Lero ana a Tollefson akukolola chimanga kumtunda konseko, makina awiri.

— Ndiye?

— Ndiye mbawala zonse zimene zagona m'chimangamo chiyambire Ogasiti zasowa nyumba lero. Makina akamadya mzere womaliza zimatulukira pamodzi, ndipo msewu wako uli pomwepo.

— Mwadziwa bwanji kuti akukolola lero?

— Mkazi wa wamkuluyo anabwereka poto wanga wamkulu dzulo. Poto ameneyo amabwerekedwa kukakhala maliro kapena kukolola, ndipo palibe wamwalira.

— Mukudziwa, alamu, ndaphunzitsa mbiri ya nkhondo moyo wanga wonse. Akazembe ankalemba ntchito akazitape, ojambula mapu, owerenga nyenyezi. Sindinapeze mmodzi amene anadziwa kumene mdani adzere chifukwa cha poto.

— Usawononge batire ponditama. Kumtsinje nakonso n'koipa, koma osati pomwe ukuganiza.

— Pa mlatho wa kumunda wa maapozi.

— Munda wa maapozi unadulidwa uli kunja. Palibe chodya pamenepo, zikafunako chiyani? Zinasamuka. Pano zimadutsa usanafike pa mlathopo, pamene anthu a ku Chicago anamanga nyumba zamagalasi zija.

— Pa dambo lathu lodyetsera ng'ombe.

— Linali lanu. Iwowo amathira chimanga pabwalo kuti azijambula mbawala akumwa vinyo. Madzi ali tsidya lina la msewu, chimanga tsidya lino. Werengera wekha.

— Anagula dambo, n'kugula ndi mbawala zomwe. Akanatha akanagulanso nkhungu ya m'mawa.

— Lira ukafika. Tamvera. Zala ziwiri zikhale pa buleki nthawi yonse. Liwiro lisapitirire mamailosi makumi atatu ndi asanu pa ola. Kukakhala kopanda galimoto kutsogolo, yenda pafupi ndi mzere wapakati, utalikirane ndi ngalande.

— Ndagula timawezulo tothamangitsa nyama tija, tomata kutsogolo kwa njinga.

— Wamata zimenezo pa njinga yanga?

— Wogulitsa anati...

— Mbawala ikamva wezulo imaima pakati pa msewu kuti ione woimba. Uzichotse mawa, ndi guluu wake yemwe. Ukaona tinthu towala m'mbali, tofiira n'ta mabokosi a makalata. Tobiriwira, tophethira, ndi maso.

— Ndikaona maso ndilize hutala?

— Liza ngati zikukusangalatsa, koma buleki choyamba. Ndipo usakhote. Anthu amene ndinawaperekeza kumanda ambiri sanagunde mbawala, anagunda mtengo poithawa. Imika njinga chilili, finya mabuleki onse, maso kutsogolo.

— Zaka makumi anayi mukuyendera ng'ombe zodwala m'zigwa zonsezi, m'mawa ndi madzulo, osagundapo ngakhale imodzi. Ndinkawauza anzanga kunja kuja, ankati ndikupeka.

— Imodzi inandinyambita galasi. Chachikulu ndi ichi: imene yadutsa kale iiwale. Mwezi uno yaikazi ikathamanga, pambuyo pake pali yamphongo, mphuno pansi, yosaona kanthu. Usayang'ane kumene yapita, yang'ana kumene yachokera.

— Zimenezo ndaphunzira.

— Liti?

— Ola lapitalo.

— Wagwetsa njinga yanga?

— Njinga ili bwino.

— Iweyo?

— Ndili bwino. Popita ndinadzera kumtsinje. Pa mlatho ndinayenda pang'onopang'ono ngati pa maliro, monga tinkachitira tili ana. Panalibe kanthu, zitsa zokhazokha. Ndiye ndinati ndadutsa, n'kuwonjezera moto.

— N'kukafika pa nyumba zamagalasi.

— Ndisanaone chilichonse, chinthu chinandimenya pantchafu yakumanzere. Kawiri. Kenako yaikazi inadumpha msewu. Alamu, inali yokongola, ine maso onse pa iyo. Ndiye chibakera chinandikanikiza pamsana, mwamphamvu, ine n'kufinya mabuleki osadziwa chifukwa. Yamphongo inadutsa pafupi moti ndinamva fungo lake.

— Chibakera cha ndani?

— Ndi nkhani imene ndaimbira.

— Arlen, wanyamula ndani pa njinga yanga?

— Achimwene. A Lyle ndili nawo pano.

— Wati ndani?

— Amuna anu, alamu. Halo? Yaduka?

— Ndilipo.

— Ndinapita kukawaona kunyumba yosamalira odwala kuja. Anaona njinga pawindo. Anandigwira mkono wa jekete osausiya, akuloza panja ndi chibwano. Ndinasaina kuti ndikupita nawo kukamwa khofi.

— Munthu wakufa mbali imodzi. Munthu amene sitiroko inamulanda mawu zaka ziwiri zapitazo. Wamukweza pa njinga yamoto.

— Kumbuyo kuli chotsamira. Ndinawamanganso ndi lamba, ine ndi iwo pamodzi, phazi lakumanja ndinali...

— Kuti ukagwa mugwere limodzi. Mabuku onse aja, Arlen. Mabuku onse aja.

— Ndikudziwa.

— Sukudziwa. Ndine amene ndinawatola pansi m'khola tsiku lija. Iwe unatumiza khadi la chithunzi cha ngamila.

— Ndi zoona.

— Usandivomereze, ndikufuna kukalipa.

— Kalipani. Batire lili pa zisanu ndi ziwiri.

— Avala chiyani?

— Juzi ziwiri, jekete lanu lachikopa, chisoti chawo chakale. Ndinachipeza m'khola pa msomali.

— Milomo yawo ndi yotani? Yachita bii?

— Ayi. Masaya ndi ofiira. Amwa theka la khofi, ndinawagwirira kapu.

— Mankhwala awo ndi a sikisi koloko.

— Ndiye ndimati ndibwere nawo kwanu, n'kufupi kusiyana ndi kubwerera kutauni. Kuchoka apo muwatenge pa galimoto.

— Tabwereza. Anakumenya kangati?

— Kawiri.

— Ntchafu iti?

— Yakumanzere.

— Ndipo zinachokera kumanzere.

— Kumanzere. Ziwiri.

— Usandinamize pofuna kundiziziritsa mtima.

— Ndikanama ndikadzagone m'manda a anthu a ku Chicago. Bwanji, alamu?

— Ndi zathu zimenezo. Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi ndinkayendetsa ine, iwo kumbuyo. Amuna anzawo ankawaseka, ati Lyle amaberekedwa ndi mkazi. Iwo ankangoti woyendetsa amaona msewu, wakumbuyo ndiye amaona tchire. Ntchafu ndi mbali imene zili. Kumenya ndi kuchuluka kwake. Chibakera pamsana ndi kuti ima, usakhote.

— Ine ndimayesa akuchita mantha.

— Lyle? Ankaona khutu la mbawala m'chimanga ine ndisanaone munda. Zaka makumi anayi zimene umawauza anzako zija, theka ndi zawo.

— Sanandiuzepo.

— Unalipo kuti akuuze? Madokotala anati zambiri sakuzitsatira. Ndimapita tsiku lililonse, ndimawauza za ng'ombe za anthu, za ana a Karin, iwo maso pa khoma. Ndinayamba kukhulupirira kuti ndikulankhula ndekha. Ndiye iwe ukuti awerenga mpaka ziwiri.

— Ine ndisanazione ndi maso anga, alamu. Ine ndinali ndi msewu wonse patsogolo, iwo anali ndi msana wanga, koma anaona ndi iwo.

— Taima ndipeze mpango.

— Mukulira?

— Ndi anyezi. Tamvera, pulofesa. Dzanja lawo lamoyo ndi lamanzere lokha. Zikanachokera kumanja akanakumenya ndi chiyani?

— Sindinaganize zimenezo.

— Pobwera kuno chimanga cha anthu a ku Chicago chikhala kumanja kwako, ndipo nthawi ino zikhala zikuchokera komweko kupita kumadzi. Usanyamuke. Ndikubwera ndi pikapu.

— Ndi bwino. Muwakweze kutsogolo, muyatse chotenthetsera, ine ndizitsatira ndi njinga.

— Akutani pano?

— Akadali pa njinga. Ndinaimika pafupi ndi khoma, ndili nawo pambali. Ndinayesa kuwavula chisoti, anandimenya dzanja.

— Akuyang'ana kuti?

— Tsidya la msewu. Pali munda wa nyemba wokololedwa, kumapeto kwake mitengo. Akuyenda nawo ndi maso, uku ndi uku, pang'onopang'ono.

— Ali pantchito.

— Ndiwauze kuti mukubwera kudzawatenga?

— Usawatsitse.

— Mwati?

— Ndati usawatsitse. Anyamuka pa njinga, akafika pa njinga. Ine ndikhala patsogolo ndi pikapu, magetsi onse oyaka, liwiro la makumi awiri ndi asanu basi. Iwe pambuyo panga, utalikirane nane ngati magalimoto anayi. Ikafuna kugundidwa igundidwe ndi chitsulo changa. Kumanja ndiziona ine, ndikaponda buleki kawiri udziwe kuti zilipo.

— Alamu, mukutsimikiza? Mwangonena kumene kuti...

— Ndikudziwa zimene ndanena, ndipo sindinamalize. Zotsalazo udzazimva mawa, utakhala pansi. Ndiimbira anamwino ndili m'njira, ndiwauza kuti agona kwawo lero, mankhwala ndili nawo ena kuno.

— Akakufunsani za khofi?

— Ndinena kuti m'banja mwanu khofi amamwera kutali. Vula jekete lako uwafunditse miyendo.

— Ine ndizizidwa.

— Zizidwa.

— Batire lili pa ziwiri. Alamu, ndimafuna kunena kuti pa anthu onse amene ndinawasiya kuno, inu awiri...

— Sunga, udzanena pa maliro anga, pamakhala nthawi yambiri. Ika foni pa khutu lawo.

— Pali chisoti.

— Ikankhire m'kati. Waika? Lyle. Ndine. Ndamva kuti ziwiri. Mwachita bwino, bambo. Ndikubwera, musamusiye mwanayu ayendetse yekha, sadziwa kanthu. Arlen, ukundimva?

— Ndikumva. Akugogoda pa thanki ndi chala.

— Akuti tachedwa. Makiyi ndaika kuti... ndawapeza. Mphindi makumi awiri ndi zisanu. Tikanyamuka, iwe maso pa magetsi anga ofiira basi. Kumanzere usayang'aneko n'komwe, kuli mwini wake.

— Chabwino, alamu. Muyende bwino, inunso mudzera pa nyumba zamagalasi pomwepo, ndiye mu...

— Ukundiphunzitsa ine? Halo? Arlen? Halo?